Kabuku Kowombolera Khumbize

Musandifunse zaka, ine zaka sindiwerenga. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinayenda, ndipo madoko onse amene ndinapondamo ankafanana ngati ana a mimba imodzi: mchenga wotentha, akhwangwala, nyumba yoyera pamtunda, ndi fungo la nsomba zowola. Nthawi zina ndimaganiza kuti mwina sindinachoke n'komwe, doko linali lomwelo, anthu okha ndiwo ankasintha nkhope. Koma mapazi angawa amanditsutsa.

Ndinayambira pamene mtsinje waukulu umathira m'nyanja yamchere. Ndinkaphika mchere. Mwamuna wanga anapita ndi ulendo wa minyanga osabwerako, n'kundisiyira mwana mmodzi, Khumbize, kamtsikana ka mpata pakati pa mano, kolongolola kuyambira m'mawa mpaka kugona. Tinkakhala pamalo a Bwana Mfaume, wamalonda amene anali mwini doko, ndipo kwa iye aliyense woponda mchenga wake anali wake.

Mphepo itatembenuka, kunabwera chombo cha Adatchi. Mkulu wa chombocho anakwera kumtunda ndi mphatso, ndipo tonse tinaitanidwa kuti tikaone bwana wathu akulemekezedwa. Mphatso yake, abale inu! Kabuku kosaposa chikhatho changachi. Chikuto chake chinali chikopa cha nsomba yolusa yotchedwa shaki, chakuda, chokhakhala. M'mbali munali tingowe ta siliva, ndi kachitsulo konga singano kolembera. Kutsogolo kunali masamba osindikiza a masiku, lero mumati kalendala, osonyeza pamene mwezi ukhale ndi pamene madzi adzaze. Kumbuyo kunali masamba oyera olimba, oti ukalemba umafufuta ndi chala chonyowa. Timabuku timeneti kampani yawo sinkagulitsa. Inkangopatsa anthu akuluakulu, ndipo wolandira ankayenda mosiyana ndi mmene ankayendera dzulo lake.

Koma kabukuko kanali ndi mwambo wake. Wolandira ankayenera kufunsa pamaso pa alendo kuti, "Ndibweze chiyani?" ndipo chimene wopereka watchula sichinkakanidwa. Wokana ankasanduka chiseko m'madoko onse, zombo n'kumamulambalala.

Bwana Mfaume anafunsa funsolo mano onse ali panja. Mkulu wa chombo anayang'ana minyanga, anayang'ana nsalu, n'kuyasamula. Nthawi yomweyo Khumbize anadutsa ndi mtsuko wa madzi osamba m'manja alendo, akuimba kanyimbo kake. Mzunguyo anachotsa kaliwo pakamwa n'kumuloza nako.

Ndinadzigwetsa pamapazi a bwana. "Bwana, ndi yekhayu amene ndili naye. Atenge ine!"

"Iwe wakutchula ndani?" anatero Bwana Mfaume, maso ali pakabuku. "Dzuka apa, ukundichititsa manyazi."

Khumbize anapita mtsuko uli pamutu, poti palibe anamuuza kuti autule. Atafika pamadzi anacheuka. "Amayi, mubwere msanga kudzanditenga!" Ndinakuwa kuti ndibwera. Mchere ndinausiya uli pamoto, ndinapempha malo m'ngalawa ya amalonda a nsomba zouma, ndipo ndinawakapira madzi njira yonse.

Doko lachiwiri linali la akazi osenda shaki. Mkulu wawo anali mayi Zuwena, wamtali, wa mawu ngati a mwamuna. Ndinaika dzanja pachiuno changa n'kuwaonetsa.

"Mayi, simunaoneko mwana wa msinkhu uwu, wa mpata pakati pa mano? Anabwera ndi chombo cha Adatchi."

Anagwira dzanja langalo n'kulikweza mpaka panthiti. "Wa msinkhu uwu ndiye ndinamuona. Ankatungira madzi kunyumba yoyera uko. Koma wachedwa, mnzanga. Mwini nyumbayo analandira kabuku, wopereka n'kutchula mwanayo. Anapita ndi mphepo yathayi."

"Kabuku kenanso?"

"Nanga ukuyesa n'chiyani? Mwana wakoyo ngochangamuka, aliyense womuona amamufuna. Kabuku kakalowa pakhomo, iye amatulukira pakhomo pomwepo."

Ndinakhala pansi pakati pa matumbo a nsomba ndipo ndinalira mpaka akhwangwala anandizolowera. Misozi itatha, ndinafunsa, "Nanga kabukuko katachokera m'manja mwanga?"

Mayi Zuwena anasiya mpeni. "Mwambo wawo sunena kuti wopereka akhale mzungu ayi. Koma iwe ukakapeza kuti? Sikagulitsidwa, ndipo wokaba amamudula dzanja."

"Ndipanga kanga."

Akazi onse anaseka, wina mpaka anagwera m'dengu. Mayi Zuwena yekha sanaseke. Anandiponyera mpeni n'kunena kuti, "Yamba ndi chikopa. Ifenso timasendera timabuku tomweto."

Ndinaphunzira kusenda shaki osaboola khungu, kulikhoma pathabwa, kulipala ndi mwala, kuliviika m'madzi a makungwa mpaka lide bii. Chikopa chimenechi chimadya munthu. Pang'onopang'ono chinandinyambita nsonga za zala mpaka zinasalala ngati mwala wa mumtsinje, ndipo kuyambira pamenepo sindimva kutentha kapena kuzizira ndi zala zimenezi. Zikopa zabwino zonse zinkapita kukampani. Changa ndinachidula pafupi ndi msana wa shaki wamkulu, n'kuchimanga pamimba kunsi kwa nsalu. Chinandikhula mpaka magazi, koma sindinachimasule.

Doko lachitatu linali ndi khola la akapolo kuseri kwa msika, ndi kanyumba ka Mdatchi wokalamba, a Yosi, amene ankasoka timabuku ta kampani. Anali munthu wa kachasu, mphuno ili psuu, koma akagwira ulusi manja sankanjenjemera. Kuno amene anakweza dzanja langa anali mlonda wa pamsika, ndipo analikweza mpaka paphewa.

"Tsopano amamutcha Giriti," anatero. "Amalankhula chizungu chawocho ngati anabadwira momwemo. Koma mwachedwa, mayi. Anapita ndi mphepo yathayi."

A Yosi anandiphunzitsa masamba oyera aja. Umawotcha mafupa mpaka ayere mbee, umasinja, umasefa, umasakaniza ndi zomatira zophika kuchokera ku zikopa, n'kupaka papepala lolimba. Likauma umapakanso, kenako umakwecha ndi dzino la galu mpaka lisalale. Kachitsulo ka siliva kakadutsapo kamasiya mzere wotuwa.

Kutola mafupa inali ntchito yanga. Dzenje lake linali kuseri kwa khola lija, ndipo munkatayidwa zonse. Tsiku lina ndinabwera dengu lisanadzaze.

"Ena aja wasiyiranji?" anafunsa a Yosi.

"Bwana, aja si a ng'ombe."

"Akapsa amayera chimodzimodzi. Aang'onoang'onowo ndiwo amasalala bwino. Bwerera."

Ndinabwerera. Musandiyang'ane choncho, mukanakhala inu mukanabwereranso. Chigaza chilichonse ndinkachitembenuza kaye kuti ndione mano akutsogolo, ngakhale ndinali nditamva kuti mwana wanga ali moyo. Ndikapeza mano othithikana mtima unkakhala pansi, ndipo kukondwa kumeneko kunkandinyansa. Utsi wa mafupa ndiwo unandisiyira chifuwa chimene mukuchimvachi.

Masamba oyera ndinapanga anga, limodzilimodzi. Koma akutsogolo, osindikiza aja, sakanapangika ndi manja. Ankachokera kwawo kwa Adatchi, ndipo a Yosi ankawatsekera m'bokosi, kiyi n'kumangirira pakhosi. Ndinkagona ndikuliganiza bokosi limenelo. Ndiye tsiku lina ndikusesa, ndinaona mulu wa masamba oterowo pansi pa tebulo, ena atakulungiramo fodya. Manambala ofiira ndi akuda, timiyezi tojambulidwa, zonse zili bwinobwino, popanda n'pong'ambika pomwe.

"Bwana, awa mungandigawireko?"

Anandiyang'ana, kenako anaseka mpaka kutsamwa. "Tenga! Tenga onse, ukakolezere moto."

Ndinagwada n'kuomba m'manja. Mumtima ndinati, anthu amangomunena mkuluyu, komatu chifundo ali nacho. Chimene chinawaseketsa sindinafunse, poti munthu ameneyu ankaseka ndi khoma lomwe. Ndinasankha masamba oyera kuposa onse, ndinasoka kabuku kanga mobisa, ndinakakuta ndi chikopa chija. Sindinakaonetse munthu aliyense, poopa kulandidwa.

Kunatsala siliva, ndipo siliva ndiye anandidyera moyo. Doko lachinayi linali la osula. Ndinalowa ntchito yopukusa mvukuto kwa a Damodara, mmisiri wochokera kutsidya kwa nyanja, amene ankasula tingowe ta kampani. Mkazi wawo ndiye anagwira dzanja langa. Analikweza mpaka pamutu panga, n'kulikwezanso pang'ono. Sanadikire kuti ndifunse.

"Anapita," anatero. "Koma uku wapitaku n'komaliza. Ali kwa bwanamkubwa, kulinga lamiyala. Pamwamba pa ameneyo palibe wina womutchula."

A Damodara ankadziwa kuti fumbi la siliva limayenda ndi anthu. Tikamaweruka ankatitsegula pakamwa, ankatikutumula nsalu, ankatiwenga zikhadabo. Mwezi ukakhala ankatimeta mpala, tsitsi n'kuliwotcha m'kambiya kuti siliva atsalire pansi. Ine, mkazi wamkulu, kumetedwa pabwalo ana akuonerera! Koma panali malo amodzi amene sankayang'ana, poti ankanyansidwa nawo. Zikang'a zanga. Zidendene zanga zinali zong'ambika chifukwa cha mchere ndi mchenga wa madoko onsewo, ndipo ndikamasesa ndinkaponda dala pamene fumbi lagwera. Kunyumba ndinkazitokosa ndi munga, n'kukutumulira m'chigoba cha nkhono. Ming'alu ikayamba kupola ndinkaitsegulanso ndi mpeni.

Chigobacho chinadzaza mochedwa, kalanga ine. Zombo zinabwera n'kupita, ana amene ankandiseka pometedwa anakwatira. Maso a a Damodara anayamba kuchita khungu, ndipo ntchito yosalala anayamba kundisiyira, akunditukwana kuti ndikuwononga pomwe sakuona n'komwe. Masana ena iwo atagona tulo ta kutentha, ndinasungunula fumbi langa. Linakwana tingowe tiwiri ndi kachitsulo kolembera, osatsalako ngakhale kadontho. Nditatseka kabukuko n'kumva kakuti "kwe", ndinaseka kwa nthawi yoyamba kuchokera tsiku la mtsuko lija. Kanali kokongola, ndikukuuzani. Palibe mzungu akanasiyanitsa.

Doko lomaliza linali lomwelo la mchenga ndi akhwangwala, koma m'malo mwa nyumba yoyera panali linga lamiyala. Kumsika sindinatulutse dzanja. Ndinangotchula dzina.

"Giriti wa kwa bwanamkubwa?" anatero mayi wogulitsa mandimu. "Samudziwa ndani? Ndiye amasunga makiyi a nyumba yonse. Ali konko."

Ali konko! Mawu amenewo ndinali ndisanawamvepo. Ndinakhala pansi, ndipo mayiyo anandimwetsa madzi. Anandiuzanso kuti mphatso zimalowa tsiku limodzi lokha, pamene mizinga yalira kulonjera chaka chatsopano. Ndinadikira pansi pa ngalawa yogubuduzika, kabuku kali pamimba.

Mizinga italira, ndinasamba, ndinachapa nsalu yanga, ndinakwera kulinga. Mlonda wa pachipata ananditchinga ndi mfuti.

"Iwe nkhalamba, opempha amapita kuseri."

Ndinafunyulula pang'ono kansalu kamene ndinakulungamo kabuku. Siliva atang'anima, mlondayo anabwerera m'mbuyo ngati waona njoka, n'kundisiya kuti ndidutse.

M'katimo munali tebulo lalitali, azungu atakhala mbali zonse, atavala tsitsi loyera losakhala lawo. Kumutu kwa tebulo kunali bwanamkubwa, kamunthu kowonda, ka mano achikasu, kakusenda lalanje ndi mpeni. Pambali pake panali mulu wa timabuku tonga kanga. Ndinagwada, ndinakweza kabuku ndi manja awiri. Phokoso linatha. Bwanamkubwa anandilankhula, ine osamva, ndipo anaomba m'manja n'kuitana, "Giriti!" Mwa anthu onse a m'nyumbamo, wodziwa chilankhulo changa anali yekhayo.

Analowa mkazi wamtali, atavala kachipewa koyera, makiyi akulira m'chiuno. Atandiona anaima. Milomo yake inatseguka pang'ono, ndipo ndinauona mpata uja. Ndinafuna kukuwa, kumulumphira, kumununkhiza m'khosi. Koma iye anandiyang'ana ndi maso ondiletsa, ndipo analankhula ndi lilime lolemera, ngati munthu wotola mawu pansi.

"Bwanamkubwa akufunsa kuti mwabwera ndi chiyani."

"Mphatso, mwanangu. Uwauze kuti ndi mphatso."

Kabuku kanayenda m'manja kuzungulira tebulo. Wina anasisita chikopa n'kugwedeza mutu. Wina analuma kangowe kuti aone ngati ndi siliva weniweni. Bwanamkubwa analemba patsamba loyera, ananyambita chala, anafufuta, n'kukweza nsidze. Kenako anatsegula kutsogolo. Anayang'ana, anayang'ananso, n'kuonetsa woyandikana naye. Ameneyo anatseka pakamwa ndi dzanja. Kuseka kunayambira kumutu kwa tebulo n'kutsika mpaka kumapeto. Ine ndinamwetulira nawo, poti ndinkati asangalala. Khumbize anasuzumira tsambalo ali kumbuyo kwa bwana wake, ndipo nkhope yake inatuwa ngati phulusa.

Bwanamkubwa anaimirira, anaika dzanja pachifuwa, nalankhula mokweza. Khumbize anamasulira, maso ali pansi.

"Akuti, ndibweze chiyani?"

"Iweyo, Khumbize. Uwauze kuti ndatchula mwana wanga."

Ananena m'chizungu, mawu akuduka pakati. Maso onse anali pa bwanamkubwa, poti kukana sakanatha. Anakhala pansi, anamaliza lalanje lake, akugogoda kabuku ndi chala. Kenako nkhope yake inawala, ndipo ananena mawu angapo pang'onopang'ono. Khumbize anamuyankha msangamsanga, ngati wopempha. Iye anamenya tebulo ndi chigwiriro cha mpeni, mbale zinalumpha, ndipo mwana wanga anatembenukira kwa ine.

"Akuti mphatso yalandiridwa, ndipo mwambo sauphwanya. Akuti mudzabwere kudzanditenga tsiku loyamba la chaka chimene chalembedwa m'kabuku kanuka. Tsiku limenelo, akuti, chipata chidzakhala chotsegula."

Mayo ine! Ndinaliza nthungululu m'nyumba ya azungu mpaka agalu anauwa panja. Ndinagubuduzika pansi monga timathokozera kwathu, ndinadzuka, ndinavina, ine nkhalamba ya mpala ndi chifuwa changachi. Azungu ankamenya tebulo, misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka. Wina anandiponyera makoko a lalanje, ndipo ndinawatola n'kumuthokozanso. Bwanamkubwa anapukuta maso, anaponya kabuku kanga pamulu uja, n'kulamula Khumbize kuti andiperekeze.

Kuchokera pakhomo kukafika pachipata ndi kabwalo kakang'ono, ndipo m'kabwalo kameneko ndi momwe ndinakhala ndi mwana wanga awiriwiri. Ndinalongolola njira yonse. Ndinamuuza za ngalawa imene tidzakwere, za malo ena a mchere kutali ndi Bwana Mfaume, za nsalu imene ndidzamugulire kuti avule kachipewa konyansako. Ndinamuseka kuti wayamba kulankhula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Sindinamufunse ngati amamumenya, ngati ali ndi mwana, ngati amadya. Ndinkati zonsezo tidzakamba m'njira, nthawi ilipo. Iye ankangondigwira pachigongono.

Titafika pachipata ndinati, "Tsono chaka chimenecho chiyamba liti? Mphepo ikubwerayi? Ine sindipita kutali, ndizigona pompano."

"Amayi," anatero. Kanali koyamba tsiku limenelo kunditchula choncho. "Masamba akutsogolo aja anakupatsani ndani?"

"Mzungu wina wachifundo. Anali nawo mulu."

Anatseka maso. "Masamba amenewo amagwira ntchito chaka chimodzi chokha, amayi. Chikatha, amabweretsa ena, akale n'kutaya. N'chifukwa chake amapatsana timabuku chaka ndi chaka. Palibe anakuuzani?"

"Sindinaonetse munthu. Koma ndi oyera, mwanangu, osang'ambika. Ndinasankha ndekha."

"Chaka chanucho chinapita kale. Sichibweranso."

Ndinamva, koma mutu unakana kulandira. Ndinayang'ana linga, ndinayang'ana mlonda, ndinayang'ana makoko a lalanje amene ndinali nditafumbatabe.

"Chinapita liti?"

Khumbize sanalire, ndipo mawu ake anali osalala.

"Ndimachikumbuka bwino. Ndi chaka chimene ndinasiya kupita kudoko kukaona ngati mwabwera."

Belu linalira m'nyumba. Mapewa ake anadzidzimuka okha. "Akundiitana," anatero, n'kunena kanthu kwa mlonda m'chizungu. Mlondayo anandikankhira panja ndi mfuti, osati mwaukali, n'kutseka chipata. Ndinamva makiyi akulira m'kabwalomo, mwana wanga akuthamanga kuti asachedwe.